ZA TULO TA MUNTHU AMENE WALEKA FODYA



Pa Lamulungu loyamba la Lenti, titatsiriza Nsembe ya Misa ku tchalitchi china cha kumudzi, mkulu wina wa imvi adandidikira pansi pa mtengo wa mango. Maso ake adali psuu, ngati a munthu amene wachezera pa maliro. Atandipatsa moni adati: "Abambo, pa Lachitatu la Phulusa ndidalonjeza pamaso pa Mulungu kuti fodya ndamleka. Lero ndi tsiku lachisanu, ndipo lonjezo langa ndasunga. Koma onani, ine ndaleka fodya, tulo nato tandileka ine. Ndikapita pa mphasa ndingotembenuka ngati chimanga pa moto, ndipo tambala woyamba amandipeza ndiri m'maso. Zaka 30 ndidasuta, ndipo zaka 30 ndidagona. Ngati Mulungu akukondwera nalo lonjezo langali, bwanji wandilanda tulo?"

Funso limeneli si la mkulu uja yekha ai. Chaka ndi chaka Akristu ambiri amataya ndudu, kaliwo, chingambwe kapena fodya wa m'mphuno pa chiyambi cha Lenti, koma sabata lisanathe ena mwa iwo amakhala atabwerera kale. Mukawafunsa kuti adagwera pati, kawirikawiri satchula ku munda kapena ku msika. Amati: "Udali usiku, anthu onse ali m'tulo, ine ndekha ndiri m'maso, ndipo ndidati ndikoke kamodzi kokha kuti ndigone." Tsono popeza nkhondo imeneyi imakula usiku, tiyeni lero tikambe za usiku.

Yankho langa kwa mkulu uja, ndiponso kwa inu nonse, ndi ili: kusowa tulo kwa munthu woleka fodya si chilango ai, ndipo si chizindikiro chakuti walakwa. Ndi kuyabwa kwa bala limene layamba kupola. Kuli ndi chiyambi, kulinso ndi mathero, ndipo pali zambiri zimene munthu angathe kuchita kuti masiku owawawo apepuke.

TULO TATHAWIRANJI?

Mu fodya aliyense, wosuta, wa m'mphuno kapena wa m'kamwa, muli mankhwala otchedwa nikotini. Munthu akakoka utsi, nikotini amafika ku ubongo asanathe masekondi 20. Ntchito yake si kugonetsa ai, koma kudzutsa: amathamangitsa mtima, amakweza kuthamanga kwa magazi, nachititsa ubongo kukhala tcheru. Patapita maora ngati 2, theka lake limakhala litachoka m'magazi, ndipo thupi limayamba kupempha wina. Kupempha kumeneku ndiko timatcha chibaba. Choncho mtendere umene wosuta amaumva atakoka si mtendere weniweni. Uli ngati kupuma kwa munthu wa ngongole ya katapila amene wapereka pang'ono lero, mwini ndalama nabwerera, koma mawa lake adzagogodanso pa khomo.

Madotolo amene amayesa tulo ta anthu adapeza kuti osuta amachedwa kugona, ndipo tulo tao ndi tapamwamba poyerekeza ndi ta osasuta. Mkulu uja adati adagona zaka 30. Inde adagona, koma sadagone monga akadagonera. Kodi si iye yemweyo amene ankati kukangocha dzanja lake liri kale pa machesi? Chidali chibaba chimene chinkamdzutsa.

Munthu akaleka, ubongo umene udazolowera nikotini zaka zambiri umafunika kuphunziranso kuyenda wokha. Pa masiku ophunzirawo pamabwera zovuta: mtima wa pachala, nkhawa, njala yosazolowereka, maganizo obalalika, maloto odabwitsa, kuchedwa kugona ndi kudzidzimuka pakati pa usiku. Zimenezi zimayamba tsiku loyamba lomwelo, zimakula kwambiri m'sabata loyamba, makamaka pa tsiku lachiwiri ndi lachitatu, ndipo kwa anthu ochuluka zimatsika pakati pa masabata 2 ndi 4. Taonani tsono kuti masiku 40 a Lenti ndi okwanira kuti munthu aoloke pamene pali pozama. Makolo athu adati walira mvula walira matope. Matope alipo, sitikana, koma amauma, ndipo mbeu imatsala.

Musakaike kuti mwasankha bwino. Agogo athu ankasuta osadziwa. Koma m'chaka cha 1950 akatswiri ofufuza awiri a ku England, Richard Doll ndi Austin Bradford Hill, adaonetsa kuti kusuta kumayenderana ndi khansa ya m'mapapo, ndipo lero bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, likuti fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chirichonse. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa nambala 2290, amatchula fodya pakati pa zinthu zimene Mkristu ayenera kudziletsa nazo, ndipo Papa Francis adaletsa kugulitsa ndudu m'dziko la Vatican kuyambira m'chaka cha 2018. Thupi nalo silichedwa kuthokoza: patangopita maora ngati 12 chilekere, mpweya woipa wa mu utsi umene unkalanda malo a mpweya wabwino m'magazi umakhala utatsika.

Aisraeli ali m'chipululu, monga timvera m'buku la Numeri mutu 11, adayamba kulira pokumbukira nsomba, nkhaka, mavwende ndi anyezi a ku Ejipito, naiwala njerwa ndi zikoti. Momwemo munthu wosowa tulo amakumbukira kukoma kwa ndudu ya madzulo, naiwala chifuwa cha m'mawa ndi ndalama za sukulu za ana zimene zidapita mu utsi. Chibaba ndi mboni yonama: chimanena mbali imodzi yokha ya mlandu.

MULUNGU SANYOZA ZA THUPI

Kapena wina afunsa: kodi za tulo ndi tiyi ndi zoti wansembe azikamba? Kumbukirani mneneri Eliya, m'buku loyamba la Mafumu mutu 19. Atathawa mkwiyo wa Yezebele, adayenda ulendo wa tsiku limodzi m'chipululu, nakhala pansi pa kamtengo, atatopa kotero kuti adapempha imfa. Mulungu sadayambe ndi kumdzudzula. Adamlola kuti agone. Kenaka mnjelo adamdzutsa, namuonetsa mkate ndi mtsuko wa madzi. Eliya adadya, namwa, nagonanso. Atadya kachiwiri ndi pamene adapeza mphamvu zoyendera masiku 40 mpaka ku phiri la Horebu, kumene Mulungu adalankhula naye. Tulo, chakudya ndi madzi zidatsogola, mau adabwera pambuyo. Amene adatilenga ndi thupi amatithandizanso kudzera m'thupi lomwelo, ndipo munthu amene apempha chaulere cha Mulungu koma nakana kukonza tsiku lake ali ngati wopempha mvula asanalime.

USIKU UMAKONZEDWA MASANA

Choyamba, dzukani nthawi imodzimodzi tsiku liri lonse, ngakhale mwagona pang'ono, ngakhale Loweruka ndi Lamulungu. Thupi liri ndi wotchi yake, ndipo wotchiyo imatchereredwa ndi nthawi yodzuka. Amene agonereza m'mawa kuti abweze tulo ta dzulo amakhala akubwereka tulo ta usiku ukubwerawo. Mukadzuka tulukani panja kuti kuwala kwa m'mawa kukufikeni m'maso, pakuti kuwala kumeneku ndiko kumauza thupi kuti tsiku layamba, ndipo madzulo thupi lidzadziwanso nthawi yake. Munthu wamkulu amafunika maora 7 kapena kuposerapo, koma pa masiku oyambawa musawerengere maora ngati ndalama. Sungani nthawi yodzuka, maora adzabwera okha.

Chachiwiri, thupi litope ndi ntchito. Wa ku munda khasu limkwanira. Koma inu a mu ofesi, a m'sitolo, oyendetsa magalimoto ndi okalamba amene mumakhala pa khonde tsiku lonse, yendani ndawala kwa mphindi 30, kapena tchovani njinga. Kuyenda kumachepetsa chibaba nthawi yomweyo, ndipo kumazamitsa tulo usiku. Ntchito yolemetsa ithe dzuwa lisanalowe.

Chachitatu, ndipo apa mverani bwino, chifukwa ambiri sadziwa: chepetsani tiyi. Mu tiyi, mu khofi ndi m'zakumwa zina za m'mabotolo muli kafeini, mankhwala othamangitsa tulo. Utsi wa fodya umachititsa chiwindi kuchotsa kafeini msangamsanga m'magazi. Munthu akaleka kusuta, chiwindi chimabwerera ku mayendedwe ake akale, ndipo kafeini amakhalitsa. Choncho kapu imodzi yomwe ija ya tiyi wa ku Thyolo kapena ku Mulanje imagwira ngati makapu awiri. Pamwamba pa apo, woleka fodya amakonda kuonjezera tiyi kuti pakamwa pasakhale chabe. Ndidamfunsa mkulu uja kuti amamwa makapu angati, ndipo adati: "Chilekere fodya, Abambo, ketulo sichoka pa moto." Mbala ya tulo take idali m'ketulo. Dulani tiyi wanu pakati, mumwe m'mawa, ndipo dzuwa likapendeka musamwenso. Madzulo imwani madzi, kapena madzi otentha a mandimu.

Chachinai, mowa. Alipo amene amati chipanda cha masese kapena kambale ka kachasu kamagonetsa. Nzoona kuti mowa umagwetsa munthu msanga, koma ukayamba kutha m'magazi pakati pa usiku umamdzutsa, tulo totsalato nkukhala todukizadukiza. Ndiponso mowa ndi fodya ndi pachibale: kumene kwafika mmodzi, mnzake sakhala patali. Malonjezo ambiri a Phulusa adafera pa bwalo la mowa. Pa mwezi woyamba uno, lambalalani njira imeneyo.

Chachisanu, kugona masana. Ngati tulo takugwirani kwambiri, tsamirani pang'ono dzuwa liri pamutu, osapitirira mphindi 30. Kugona cha kumadzulo kuli ngati kudya zitumbuwa nsima iri pa moto.

MADZULO

Mwambi wa makolo umati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kwa woleka fodya mwambiwu ukhale chenjezo: fodya amene ali pafupi ndiye adzakugwetsani. Dzuwa lisanalowe, yang'anani m'matumba a malaya, pa tsindwi, pansi pa mphasa, ndipo chotsani ndudu, mapepala opichirira ndi kabotolo ka fodya wa m'mphuno. Musasunge imodzi "ya pa ngozi", pakuti ngoziyo idzafika usiku womwewo. Chapani zofunda ndi zovala kuti fungo lichoke.

Ndikudziwa kuti ambiri a inu, ku Kasungu, ku Dowa, ku Mchinji ndi kwina, fodya ndiye mbeu yanu, ndipo Lenti amafika pa nyengo yomwe masamba akuthyoledwa ndi kupachikidwa m'zigafa. Mayeso anu ndi aakulu kuposa a ena, chifukwa mdani ali pa khomo. Dziwani ichi: nikotini amalowanso pa khungu munthu akagwira masamba aawisi onyowa ndi mame kapena mvula, ndipo amabweretsa nseru, chizungulire, mutu ndi kusowa tulo. Ngati nkotheka dikirani kuti mame aume, valani malaya a manja aatali, ndipo mukaweruka sambani ndi sopo, musinthe zovala. Musagone m'chipinda chimene mwasungamo fodya, ndipo ana asagonemo konse.

Chakudya cha madzulo chikhale chofulumira ndi chosalemetsa, kuti papite maora 2 kapena 3 musanagone. Woleka fodya amamva njala kwambiri, pakuti nikotini ankatseka chilakolako cha chakudya, ndiponso lilime ndi mphuno zayambanso kumva kukoma. Mukagona ndi mimba yodzaza, chilungulira chidzakudzutsani. Mukagona ndi njala, njalayo idzavala nkhope ya chibaba. Nthochi imodzi kapena mtedza wa m'dzanja ndi zokwanira. Sambani madzi ofunda. Foni ndi wailesi ya kanema zizime ora limodzi musanagone, chifukwa kuwala kwake ndi nkhani zake zimauza ubongo kuti kudakali masana. Chipinda chikhale cha mdima ndi chopita mphepo, ndipo neti ikhale yotsitsa, kuti udzudzu usaonjezere pa mavuto amene alipo kale.

Tsopano pali mpata umodzi umene uyenera kutsekedwa. Pafupifupi wosuta aliyense adali ndi ndudu yotsiriza, ya pa khonde, imene inkati tsiku latha. Mukaichotsa osaikapo kanthu, patsala dzenje, ndipo munthu amagweramo. Ikanipo mwambo wina, nthawi yomweyo, tsiku ndi tsiku. Kwa ife Akristu mwambowo sitichita kuufuna kutali: ndi mapemphero a madzulo a pa banja. Khalani pansi ndi akazi anu ndi ana, thokozani Mulungu pa zabwino za tsikulo, pemphani chikhululukiro pa zolakwa, ndipo ngati mwakalipira wina chifukwa cha chibaba, mpepeseni musanagone. Mtima wosunga mlandu sugona. Ngati muli ndi nkhawa za mawa, za feteleza kapena za fizi, zilembeni pa pepala kapena muuze mnzanu, kuti zisakutsatireni ku mphasa. Kenaka tengani Kolona. Zala zimene zidazolowera kupichira ndi kugwira ndudu zimafuna chogwira, ndipo milomo imafuna chochita. Zipatseni ntchito yabwino.

PAKATI PA USIKU

Nanga mukachita zonsezi, nkudzidzimukabe usiku, chibaba chitakugwirani pa khosi? Dziwani kuti chibaba sichikhalitsa. Chimabwera ngati kamvuluvulu, chimakula, ndipo patapita mphindi zochepa chimapita, kaya mwasuta kaya simudasute. Chimanama kuti chidzakhala mpaka m'mawa, koma sichitha kutero. Khalani tsonga, imwani madzi pang'onopang'ono, kokani mpweya ndi mphuno mpaka mimba itukuke, ndi kuutulutsa mosafulumira ndi pakamwa, mubwereze ka 10. Nenani Tikuoneni Maria 10 modekha. Kawirikawiri mukamatsiriza mudzapeza kuti kamvuluvulu wadutsa.

Ngati papita mphindi ngati 20 tulo osabwera, musalimbane ndi mphasa. Tulo tiri ngati nkhuku: mukaithamangitsa imathawa, mukakhala chete imabwera yokha kudzatola pafupi ndi mapazi anu. Dzukani, khalani pa mpando ndi kuwala kochepa, werengani Malembo Oyera kapena pempherani, ndipo mubwerere pokhapokha zikope zikalemera. Musayang'ane nthawi, pakuti kuwerenga maora otsala kumangoutsa mtima. Usiku umodzi woipa supha munthu. Mawa mudzatopa, koma kutopa komweko kudzakugonetsani usiku wotsatira.

Ambiri oleka fodya amalota akusuta, nadzuka mtima ukugunda, poganiza kuti aphwanya lonjezo. Amai ena adandifunsa ngati ayenera kukalapa maloto otere. Iai. Tchimo limafuna kudziwa ndi kufuna, ndipo munthu wa m'tulo safuna kanthu mwa ufulu. Malotowo ndi ubongo umene ukusesa m'nyumba. Chisoni chimene mumamva podzuka ndi umboni wakuti mtima wanu wasankha kale mbali. Momwemonso tulo tikakupezani Kolona ali m'manja, musadziimbe mlandu. Mwana wogona pa miyendo ya amai ake sawanyoza ai.

Mu Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Marko, mutu 4, timaona Ambuye Yezu ali m'tulo pa mtsamiro, ku chiwongolero cha ngalawa, pamene namondwe akuomba ndi madzi akulowa. Ophunzira adayesa kuti Iye sasamala, koma adali m'ngalawa momwemo, ndipo ngalawayo siidamire. Inu amene muli m'maso pa ora limene mudzi wonse uli zii, simuli nokha. Pa ora lomwelo alipo odwala m'zipatala, amai oyamwitsa, alonda, anamwino, ndi amonke amene amadzuka usiku kukapemphera. Perekani ora lanulo kwa Mulungu chifukwa cha mmodzi wa iwo, kapena chifukwa cha mwana wanu amene wayamba kusuta. Ora loperekedwa silitayika.

SAFUNSA ADADYA PHULA

Pali nthawi imene pemphero liyenera kukuperekezani ku chipatala. Pitani ngati mwezi watha tulo tisanabwerere. Pitani ngati a m'nyumba akuti mumaliza mkonono kwambiri ndi kumaleka kupuma muli m'tulo. Kutsokomola pang'ono pambuyo poleka fodya si kwachilendo, pakuti mapapo akudzitsuka, koma chifuwa chikapitirira masabata 2, makamaka pamodzi ndi thukuta la usiku, kuonda kapena magazi m'makhololo, kayezetseni chifuwa chachikulu msanga, popeza osuta ndiwo chimawagwira kwambiri. Ngati chisoni chakula kotero kuti simufuna kudya kapena kuona anthu, kapena mwayamba kuganiza zodzipha, musadikire mawa: uzani munthu amene mumamkhulupirira, ndipo mupite naye ku chipatala tsiku lomwelo. Ngati mumamwa mankhwala a mphumu, a shuga kapena a matenda a maganizo, muuzeni dotolo kuti mwaleka fodya, chifukwa mphamvu ya mankhwala ena imasintha utsi ukachoka m'thupi.

Alipo mankhwala othandiza kuleka fodya amene a WHO adawavomereza: zigamba za nikotini zomata pa khungu, chingamu cha nikotini, ndi mapiritsi otchedwa varenicline ndi bupropion. Kumene apezeka, kuwalandira si kuchepa kwa chikhulupiriro, monganso kuyenda ndi ndodo si tchimo kwa wothyoka mwendo. Koma nawonso nthawi zina amasokoneza tulo kapena kubweretsa maloto amphamvu. Zikatero musangowaleka. Bwererani kwa dotolo, pakuti kawirikawiri kusintha nthawi yomwera, kapena kuchotsa chigamba pogona, kumathetsa vutolo. Chimene ndikuletsani ndi mtima wonse ndi mapiritsi ogonetsa ogula pa msika, ndiponso chamba. Ameneyo ndi munthu wothawa fisi nakabisala m'phanga la mkango. Mapiritsi otere amamanga munthu ukapolo watsopano, ndipo akasakanizidwa ndi mowa angathe kuimitsa kupuma.

KWA A M'BANJA NDI KWA AKATEKISTI

Inu amai amene amuna anu aleka fodya, ndi inu abambo amene akazi anu ataya kabotolo kao, pirirani nao masabata ochepawa. Adzakalipa pa zinthu zazing'ono. Si iwo ai, ndi bala likuyabwa. Musanene mau aja amene agwetsa ambiri, akuti: "Kuli bwino mungosuta, tione mtendere m'nyumba muno." Mau amenewo ndi mpeni. M'malo mwake aikireni madzi akumwa pafupi ndi pogona, ndipo akadzuka usiku, nthawi zina dzukani nao. Phindu lake ndi lanu lomwe, pakuti utsi umene unkadzaza nyumba unkalowanso m'zifuwa za ana anu.

Inu akatekisti ndi atsogoleri a miphakati, mutu umodzi susenza denga. Dziwani Akristu a m'dera lanu amene aleka fodya Lenti uno. Ayendereni pa tsiku lachitatu, osati pa Pasaka. Afunseni kuti akugona bwanji, awerengereni mau ano, ndipo ngati nkotheka aphatikizeni awiriawiri, kuti wina akafooka akhale ndi khomo logogoda. Musawachititse manyazi pa gulu. Ngati inu eni mumasuta, yambani ndinu, ndipo mudzaphunzitsa ndi chifundo chimene mabuku sangakupatseni.

WAGWA ADZUKE

Kwa inu amene mwagwa kale, amene mudakoka usiku wina nkunena kuti basi zonse zatha, imvani. Anthu ochuluka amene adalekeratu fodya adayesa kangapo asanapambane. Munthu akapunthwa pa ulendo sabwerera ku mudzi kukayambiranso. Amadzuka pomwepo, nasasa fumbi, napitirira. Funsani chimene chidakugwetsani, kaya ndi tiyi wa madzulo, kaya ndi mowa, kaya ndi ndudu yobisika, muchikonze, muyambenso lero lomwe.

Ku Dublin, m'dziko la Ireland, kudali munthu wa ntchito ya manja dzina lake Matt Talbot, amene adabadwa m'chaka cha 1856. Adamira mu mowa kuyambira ali mnyamata. Ali ndi zaka 28 adalonjeza kuleka, koma poyamba adangolonjeza miyezi 3 yokha, chifukwa ankadziwa kufooka kwake. Atatha miyeziyo adaonjezera, mpaka adasunga lonjezo zaka zoposa 40, kufikira imfa yake mu 1925. Pambuyo pake fodya yemwe adamleka. Mphamvu zake ankazipeza pa Misa ya m'mamawa tsiku ndi tsiku, ndipo mu 1975 Papa Paulo VI adavomereza kuti moyo wake udali wa ungwiro wopambana. Phunziro lake ndi ili: musasenze zaka zonse usiku umodzi. Lonjezani usiku uno wokha. Mawa mudzalonjezanso.

Mkulu uja ndidakumana nayenso pa Lamulungu la Kanjedza. Adandiuza kuti pa sabata lachiwiri adagwa kamodzi, ku maliro, pamene anzake ankapatsirana ndudu pa moto, ndipo kuti m'mawa mwake adayambanso. Ketulo adaichotsa pa moto, ndipo madzulo amapemphera ndi adzukulu ake. "Nanga tulo?" ndidamfunsa. Iye adaseka nati: "Sitidabwerere tonse, Abambo, koma dzulo tambala woyamba sindidamumve."

Abale anga, Mulungu amene adapatula usana kuti tigwire ntchito adapatulanso usiku kuti tipumule. Iye amene adayamba ntchito yabwinoyi mwa inu sadzaisiya pa njira. Chitani mbali yanu masana, ndipo usiku mudzipereke m'manja mwake. Amai Maria, amene adachezera ndi Mwana wao usiku wambiri, akupemphererani, ndipo Ambuye akupatseni usiku wa mtendere ndi m'mawa wa ufulu. Amen.